Amen Akatha, Titsegule Maso

Kumpingo kwathu ku Kasungu kuli mkangano umene watha miyezi ingapo osazizira. Nkhani yake ndi ya ulendo umene achinyamata tidayenda m'mwezi wa Julayi chaka chatha, pamene tidatenga basi ya hayala kupita kukaona mzinda wa Lilongwe ndi mishoni ya ku Nkhoma. Akulu ena ampingo akuti maulendo otere athe chifukwa amangowononga ndalama ndiponso amaonetsa ana zinthu zosayenera. Achinyamata ambiri akuti ulendowo udali wodala pakuti tidaimba njira yonse, tidapemphera, ndipo tidabwerako amoyo. Ine ndidali nawo m'basimo, ndipo m'nkhani ino ndikufuna kutsutsana ndi mbali zonse ziwiri. Maganizo anga ndi akuti ulendo wokaona malo uli ndi gawo lake m'moyo wa Mkhristu, koma phindu lake lalikulu limalowera m'maso. Popemphera timatsinzina, ndipo n'koyenera kutero, koma amen akatha Mkhristu wapaulendo atsegule maso n'kuyang'ana bwinobwino.

Ndiyambe ndi amalume anga, pakuti iwo ndiwo adandipatsa ndalama ya ulendowo, ndipo adapereka akung'ung'udza. Amalume ndi mlimi wa fodya wa bale. Ndalama yawo imayambira kunazale m'mwezi wa Sepitembala, n'kudzera pa kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo, kenaka n'kumadikira kuti ku okushoni ya ku Chinkhoma kuchoke mawu. Munthu wotere akagwira ndalama amamva kulemera kwa chaka chonse m'manja mwake. Tsiku limenelo adandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi Mulungu wa ku Lilongwe ndi wina? Ndalama imeneyi bwenzi titawonjezera pa feteleza." Funso limeneli n'lanzeru, ndipo wachinyamata aliyense wofuna kukwera basi ya mpingo ayenera kuliyankha asanakwere.

Yankho langa ndi lakuti Mulungu wa ku Lilongwe ndi yemweyo wa ku Kasungu, koma munthu amene wayenda sabwerera ali momwe adachokera. Aliyense wowerenga Baibulo mwachidwi amaona kuti nkhani zake zambiri zimachitikira panjira. Abrahamu adauzidwa kuti asamuke. Ophunzira awiri aja adakumana ndi Yesu akupita ku Emau. Mdindo wa ku Etiopia adabatizidwa pobwerera kwawo kuchokera ku Yerusalemu. Buku lotchuka la John Bunyan la m'chaka cha 1678, limene m'chinenero chathu limatchedwa Ulendo wa Mkhristu, lidafanizira moyo wonse wa wokhulupirira ndi ulendo. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Paulo ku Atene, m'chaputala 17 cha buku la Machitidwe. Podikira anzake, Paulo adayendayenda mu mzindawo, n'kumaona maguwa, n'kumawerenga zolembedwa pamenepo, n'kumacheza ndi anthu pamsika. Atapatsidwa mpata wolankhula, ulaliki wake udayambira pa zimene adaona. Masiku ano tikadati Paulo adali kuona malo, ndipo kuona malo kwakeko kudabala ulaliki.

Tsono tiyeni tione ngati ife tidafanana naye. Tidanyamuka pa boma la Kasungu m'bandakucha, phiri la Kasungu likuoneka mwa chizimezime kumbuyo kwathu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Basi isanagwedezeke, wapampando wathu adapempha chitetezo cha panjira, ndipo tonse tidavomera amen wamphamvu. Chimene sitidachite ndicho kuwerenga mipando. Komiti idalandira ndalama za anthu ambiri kuposa malo, choncho ena adakhala pa zigubu pakati pa mipando, ena adanyamulana pamiyendo. Titadutsa pa Madisi, tisanafike pa Mponela, tayala lakumbuyo lidaphulika. Adalaivala adalimbana ndi chiwongolero mpaka basi idaima m'mbali mwa msewu, ndipo palibe adavulala.

Anzanga adayamba kufuula kuti Satana wachita manyazi. Inenso ndidathokoza Mulungu, ndipo ndikuthokozabe mpaka lero. Koma pamene ankachotsa tayalalo, ndidaona kuti lidali losalala ngati dazi, mawaya ali pamtunda. Mayi wina wachikulire amene adatiperekeza adaliyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Ana inu, Mulungu adatipatsa maso tisananyamuke." Mawu amenewa ndiwo adabala nkhani ino. Yesu mwini adakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi pofuna kuyesa ngati angelo angamuwakhe. Kukwera basi yodzaza mopitirira muyeso, ya matayala otha, n'kumaimba za chitetezo cha Mulungu, ndi kuchita chimene Yesu adakana. Pa Sabata yotsatira umboni udaperekedwa kutchalitchi wonena za kupulumuka kwathu, koma za tayala ndi za zigubu palibe adazitchula. Umboni wotere umasangalatsa mpingo, koma umakonzera ngozi gulu limene lidzayende pambuyo pathu.

Tayala litasinthidwa, nyimbo zidayambiranso, ndipo ambiri sadayang'anenso pawindo. Chikhalirecho panja padali zambiri zofunika kuziona. Kuyambira ku Kasungu, msewu umenewu umadutsa m'zigwa za fodya, ndipo munthu amaona zigafa, minda yokololedwa ndi mitunda imene mitengo idatha. Amaona anthu akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Amaoloka mtsinje wa Bua. Akadutsa pa Lumbadzi n'kuyandikira ku Kanengo, nyengo ya msika amaona malole a mabelo a fodya atandandalika, eni ake akudikira. Ambiri a ife m'basimo tidaphunzira sukulu ndi ndalama ya fodya, koma ochepa adadziwa kumene fodyayo amathera. Ochepanso adaganizira za mabanja amene akhala akugwira ntchito ya utenanti m'maesiteti a kwathu, mchitidwe umene malamulo a ntchito adauletsa m'chaka cha 2021. Tisaiwale kuti wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya nawonso adali anthu opembedza apaulendo. Mlandu wawo udali wakuti adaona munthu wovulala n'kulambalala.

Titafika mu Lilongwe, tidayamba ndi malo amene mlendo aliyense amafuna kuwaona. Mzindawu udakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, boma litasamuka ku Zomba. Tidaona maofesi a boma ku Capital Hill, nyumba ya malamulo imene idatsegulidwa mu 2010, ndi chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda chimene chidatsegulidwa mu 2006. Pa chilizapo anthu a ku Kasungu timakhala ngati tafika pamanda a wachibale, pakuti Kamuzu adali wa kwathu. Adaphunzira pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama ndiponso ku Chilanga, ndipo iyenso adachoka ku Kasungu ali mnyamata, ulendo wapansi wolowera kummwera. Anzanga adajambulitsa zithunzi zambiri ndi mafoni, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma patangotha mphindi zochepa onse adali atabwerera m'basi.

Mkhristu wotsegula maso akadakhalitsako pang'ono. Chilizacho chili ndi nsanamira zinayi zokumbutsa ngodya zinayi zimene Kamuzu ankaphunzitsa: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Onsewa ndi mawu amene timawamvanso pagome la m'tchalitchi, ndipo wophunzira chinenero amadziwa kuti mawu amodzimodzi angathe kumanga kapena kumangirira, malinga ndi amene akuwalankhula. Kamuzu adali mkulu wa mpingo, adatsogolera dziko ku ufulu wodzilamulira mu 1964, ndipo adasiya misewu, sukulu ndi mzinda umene tidapita kukaonawo. Mu ulamuliro womwewo anthu ankatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo a Mboni za Yehova adazunzidwa mpaka kuthawira kunja. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi awo onse, yodzudzula kusowa kwa chilungamo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri. Wachinyamata wachikhristu woima pa chilizacho ali ndi mwayi wodzifunsa kuti kumvera kumathera pati, ndipo mpingo uyenera kulankhula liti. Mafunso otere sabwera msanga munthu atakhala pakhonde kumudzi.

Madzulo tidatsikira ku Old Town, kumene kuli msika waukulu, mzikiti ndi madepoti a mabasi. Kumeneko ndiko kudali mzinda wa anthu wamba: ogulitsa kaunjika, amayi a tomato, anyamata oitanira minibasi, ndi ana opemphetsa pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Otitsogolera adatiuza kuti tigwire zikwama zolimba ndipo tiyende mofulumira. Langizolo lidali labwino, koma lidachititsa kuti ana ajawa tiwaone ngati chiopsezo chokha. Palibe adafunsa kuti adachokera kuti, ngakhale kuti ena a iwo mwina adachokera m'midzi ngati yathu yomwe. Monga wophunzira zinenero, ndidaonanso chinthu china. Kumaofesi kuja zikwangwani zambiri zidali za Chingerezi, ndipo mayi wotiperekeza uja ankatifunsa kuti tiziwawerengera. Kumsika ndi pa minibasi ndi pamene Chichewa chidali ponseponse, ndipo mawu ambiri olembedwa pa magalimoto ndi pa maokala adali otchula Mulungu. Mzinda umakuuza kuti chinenero chako chili ndi malo otani, ngati uli wokonzeka kuwerenga makoma ake.

Titagona m'holo ya tchalitchi china mu mzindamo, m'mawa mwake tidalowera njira ya ku Dedza n'kupatukira ku Nkhoma, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu Lilongwe. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adayamba ntchito yawo ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo mu 1896 adatsegula mishoni patsinde pa phiri la Nkhoma. Lero pamalopo pali tchalitchi chakale cha njerwa, chipatala ndi sukulu. Kwa ine ulendo wonse udapindula pamenepa, chifukwa zimene ndidangozimva m'kalasi zidasanduka malo oti n'kupondapo. Amishoni a mpingo umenewu, makamaka William Murray, adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo limene timalitcha Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922. Ntchitoyi adaigwira pamodzi ndi aphunzitsi ndi alaliki achikuda amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri. M'sukulu za mishoni yomweyi mudachokera Samuel Josiah Nthara, mlembi wa buku la Nthondo, limene ophunzira a zolembalemba za m'Chichewa timakumana nalo.

Mnzanga wina adadabwa kumva kuti Baibulo limene amalinyamula Sabata iliyonse lili ndi mbiri, ndipo kuti anthu adakhala pansi n'kumakangana za mawu oyenera. Ndidamuuza kuti Akatolika adali ndi lawo, Malembo Oyera, la mu 1966, ndipo kuti Buku Loyera la mu 1998, limene mipingo idamasulira mogwirizana, lidasankha dzina lakuti Chauta pamene Buku Lopatulika lidalemba Yehova. Adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati akafika kunyumba akayerekeza mabukuwo. Chikhulupiriro cha mnzangayo sichidachepe chifukwa chodziwa zimenezi. Adangozindikira kuti uthenga udafika kwa agogo ake kudzera m'manja, m'miyendo ndi m'malilime a anthu, ndipo kuti iyenso ali ndi udindo pa chinenero chimene amapempherera.

Pali ena amene amati ulendo weniweni wa chikhulupiriro ndi wa ku Yerusalemu, ku Roma kapena ku Namugongo m'dziko la Uganda, kumene Akhristu amasonkhana pa 3 Juni chaka chilichonse kukumbukira anthu ofera chikhulupiriro. Amene ali ndi ndalama apite ndithu, sindikuwaletsa. Koma akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wachinyamata wa ku Kasungu ali ndi malo ambiri pafupi amene sadawapondepo. Mishoni ya ku Chilanga, imene idayambitsidwa ndi amishoni a Livingstonia, ili pakhomo penipeni. David Livingstone adafika kwa Mfumu Mwase ku Kasungu mu 1863, chaka chomwe adakumananso ndi Jumbe ku Nkhotakota, doko limene akapolo ankaolotsedwera kutsidya kwa nyanja. Ku Mua m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers adakhazikika mu 1902, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, osungirako chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene David Clement Scott adamanga ndi amisiri achikuda pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo Scott yemweyo adasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Ku Chiradzulu kuli Providence Industrial Mission ya John Chilembwe, mbusa amene adaukira atsamunda mu 1915. Malo onsewa amafikika pa basi, popanda pasipoti.

Nanga za mantha a akulu ampingo akuti mzinda ndi Sodomu? Sindikuwanyoza mantha amenewa, pakuti makolo amaona patali. Koma tinene zoona: machimo sadikira kuti munthu afike ku Lilongwe. Aliyense wokulira m'dera la fodya amadziwa zimene zimachitika pa matiredingi senta ndalama za mabelo zikatuluka, pamene abambo ena amasowa pakhomo sabata yathunthu n'kubwerako m'thumba muli mbee. Chinanso n'chakuti achinyamata ambiri a kwathu adzapitabe ku mzinda, kaya kusukulu, kaya kukafuna ganyu, kaya podutsa ulendo wa ku Joni. Funso ndi lakuti adzauona koyamba ali ndi yani. Kuli bwino auone masana, ali ndi akulu owamasulira zimene akuonazo, kusiyana n'kuti adzatsike okha pa depoti usiku, atanyamula chikwama ndi nambala ya foni ya munthu amene sakuyankha. Safunsa adadya phula, ndipo mwana amene sadatengedwepo kukaona alibe ngakhale choti afunse.

Pa nkhani ya ndalama, amalume ali ndi mfundo imene sindingaikane. Ulendo wongopita kukaimba ndi kujambulitsa zithunzi sulingana ndi thumba la feteleza. Ngati maulendo athu apitirire monga momwe tidayendera chaka chatha, akulu ampingo akhoza kuwaletsa ndipo sindidzadandaula kwambiri. Koma m'malo moletsa, ndikupempha kuti akonzedwe. Poyamba, basi ionedwe ndi munthu wodziwa za magalimoto tsiku lonyamuka lisanafike, ndipo mayina alembedwe molingana ndi mipando, ngakhale wotsala atakhala mwana wa wapampando. Chachiwiri, ndalama zisonkhedwe pang'onopang'ono kudzera m'maganyu a gulu kapena munda wa achinyamata, kuti ana a mabanja osauka asamatsale ndiponso kuti katundu asamagwere makolo okha. Chachitatu, gulu liphunzire mbiri ya malo amene likupita lisananyamuke, ndipo pamalo aliwonse pakhale munthu wofotokoza. Apa ndi pamene ife ophunzira a m'makoleji tingathandize mipingo yathu nthawi ya tchuthi, m'malo mongoyenda ndi mabuku m'khwapa kuti anthu atione. Chachinayi, aliyense anyamule kope ndi cholembera, ndipo pobwerako gulu lifotokozere mpingo zimene lidaona, zokoma ndi zowawa zomwe, komanso chimene likufuna kuchitapo.

Kwa anzanga a m'gawo la zinenero ndi zolembalemba, ndiwonjezere pempho limodzi. Nkhani za maulendo zolembedwa ndi Amalawi m'Chichewa n'zochepa poyerekeza ndi zimene alendo adalemba za dziko lathu m'Chingerezi. Livingstone ndi amishoni adadutsa m'midzi yathu ali ndi makope, ndipo lero timawerenga za makolo athu kudzera m'maso mwawo. Chaka chilichonse makwaya, magulu a amayi ndi achinyamata amayenda dziko lino kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma akabwerako zimene adaona zimathera m'mafoni. Wina mwa ife akadalemba maulendo amenewa mosamala, ana athu akadadzadziwa momwe msewu wa M1 ndi mzinda wa Lilongwe zinkaonekera kwa Mkhristu wa ku Kasungu m'masiku athu.

Pomaliza, ndibwerere kwa amalume. Nditafika kunyumba ndidakhala nawo pansi pa mtengo wa mango n'kuwafotokozera zonse: za tayala, za malole a ku Kanengo, za chiliza, za ana a pamlatho ndi za Baibulo la ku Nkhoma. Adamvetsera mpaka pamapeto osandidula. Kenaka adandifunsa kuti, "Nanga feteleza akugula bwanji ku Lilongwe, mphwanga?" Ndidasowa choyankha. Ndidadutsa pa masitolo angapo ogulitsa zipangizo za ulimi, koma sindidaganize zoima n'kufunsa mtengo, chikhalirecho ndalama imene ndidayendera idachokera m'munda mwawo. Amalume adangoseka n'kunyamuka kupita kukaona ng'ombe. Mpaka lero sadanene ngati ulendowo udali woyenera, ndipo msonkhano wa akulu ampingo sudagamulebe. Ngati adzalola kuti tiyendenso, funso la amalume ndidzalilemba pa tsamba loyamba la kope langa.